Mutu wa Achemwali Unatsala Theka

Mafoni anuwo muyambe mwawavundikira pansi, chifukwa nkhani ndikufuna kunenayi siigwirizana ndi kuwala kwa foni kumaso. Ndipo inu amene mumati mizimu inasamuka tsiku limene magetsi anafika, sendererani kuno pafupi, ndizikuonani bwino mukamameza malovu.

Pa Mponela, kuseri kwa mzere wa magolosale, panali kachipinda kamene amayi awiri apachibale ankalukiramo anthu tsitsi. Wamkulu anali Lekisina, mayi wa mawu ngati belu, wosadziwa kudikira. Akakuitana kamodzi iwe osayankha, kachiwiri ankabwera yekha kudzakukoka mkono. Wamng'ono anali Ndaziona. Uyu ndiye anali ndi manja, akakuluka mizere unkachita kuopa kugona kuti ungaiwononge. Koma anali ndi nthenda imodzi, nthenda ya mawa. Kukonza chitseko mawa, kuchapa matawulo mawa, kukaona abale kumudzi mawa.

Lekisina ndiye anatsegula tsamba la saluniyo pa masamba a mchezo aja a pa intaneti, nalitcha Kunkhongo. Dzinali linali ndi chifukwa chake. Patsambapo panalibe nkhope ya munthu ngakhale imodzi. Kasitomala akalukidwa ankamujambula chakumbuyo, tsitsi ndi khosi, basi.

"Nkhope ndi ya mwini wake," ankatero Lekisina. "Ife yathu ndi nkhongo."

Lamulo limeneli ndilo linkawadyetsa. Amayi ankachokera ku Madisi, ku Dowa, ena mpaka ku Lumbadzi, podziwa kuti kumeneko sakayalutsidwa. Ku inibokosi ya tsambalo ankalembako zimene sakanauza ngakhale amuna awo. Wina tsitsi likuthothoka chifukwa cha matenda, wina ali ndi chipsera chofuna kubisa.

Mmodzi wa amayi otere anali Jenala, wogulitsa kaunjika pamsika. Jenala anathawa mwamuna wankhanza kutali uko, mwamuna amene tsiku lina anamukoka ndolo mpaka khutu lakumanja linang'ambika. Anafika pa Mponela ndi chikwama chimodzi, nasintha nambala, nafufuta dzina lake paliponse pa intaneti. Koma chithunzi cha nkhongo yake anachilola, poti nkhongo siitchula dzina la munthu. Chinali chithunzi chimene anthu anachikonda kuposa zonse patsambalo.

Chinthu china muchisunge. Mwini tsamba anali Lekisina. Ndaziona anangolowetsedwamo ngati wothandizira. Ankatha kuika zithunzi, kuzichotsa, kuyankha makasitomala, koma makiyi enieni, otsekera tsambalo kapena kutulutsa munthu, anali ndi mkulu wake. Lekisina anamuuzapo kangapo kuti, "Iwe Ndazi, bwera ndikupatseko umwini, za moyo sizidziwika." Yankho mukulidziwa kale.

Oluka tsitsi ndiwo amayenda ndi mitu yomvetsa chisoni, chifukwa nthawi yawo yonse imathera pamitu ya eni. Ndiye m'mawa wina kutachita zii, Lekisina anakokera mpando pawindo, malo ake okonda, nati mng'ono wakeyo amuluke. Ndaziona anayambira kukhutu lakumanzere, mzere ndi mzere, mpaka anafika pakati pa mutu. Pomwepo panatulukira atsikana operekeza mkwatibwi, onse ofuna kulukidwa tsiku lomwelo.

"Mangani kaye duku, achemwali. Ndimaliza mawa."

"Mawa lako lija?"

"Ayi, la zoona ili."

Lekisina anatsonya, namanga duku lake lofiirira. Masana anadandaula kuti mutu ukumugunda. Dzuwa litapendeka anaimirira kuti akapume mphepo, nagwa pakhomo, foni yake n'kuphwanyika pasimenti. Pofika naye kuchipatala n'kuti atapita kale. Chakudza sichiimba ng'oma.

Maliro anakaikidwa kumudzi kwawo. Amayi osambitsa maliro atavula duku lija anayang'anana, kenako anaitanitsa Ndaziona.

"Kwathu kuno munthu wamkazi sapita ndi mfundo kumutu," anatero wamkulu wa amayiwo. "Unaluka ndiwe, umasule ndiwe. Ife tili pakhomopa."

Anamusiya yekha m'chipindamo. Ndaziona anayang'ana mizere yake ija, yowongoka bwino, yothera pakati pa mutu, mbali inayo tsitsi lili nyankhalala kudikira manja ake. Anagwira mzere woyamba, zala zinakana. Kumasula kunali kuvomera kuti mawa lija silidzafikanso, ndipo mtima wake sunafune kuvomera zimenezo. Anatenga duku lija, nalimanga molimba mpaka m'makutu.

"Wamasula?" anafunsa amayi aja atalowa.

Ndaziona anagwedeza mutu kuvomera. Lekisina anatsikira m'manda choncho, wosamalizidwa, wosamasulidwa.

Mwambo wa kumeta utatha, Ndaziona anabwerera ku Mponela, natsegula saluni. Misozi sanaikhetse pagulu, ndipo ena ankati ngolimba mtima. Foni yophwanyika ija anaiika m'chitini cha ulusi pansi pa tebulo, simukhadi yake anaisunga m'kachikwama ka ndalama.

Zinayamba pang'onopang'ono, moti akanakhala wina sakanazilabadira. Madzulo ankakankhira mpando kukhoma kuti asese, m'mawa n'kuupeza uli pawindo. Kachipeso kogawira tsitsi ankakasiya m'kapu, m'mawa n'kukapeza kali pampandopo, kataikidwa mwaulemu ngati munthu wakonzekera. Ndaziona ankadziuza kuti chisoni chimaiwalitsa, mwina amachita yekha osadziwa.

Kenako kunabwera mayi wina wa ku Madisi, m'mamawa, nakhala pansi ngati woitanidwa.

"Pepani amayi, kodi tinapangana?" anafunsa Ndaziona.

"Iii, simunandiyankhe nokha usiku? Onani apa."

Ndaziona analandira foni ya mayiyo. Uthengawo unachokeradi ku tsamba lawo. Unali wakuti, "Bwerani m'mawa, golide wanga, musadye nthawi." Mawu akuti golide wanga pa Mponela ponse ankawanena munthu mmodzi yekha. Ndaziona anamuluka mayiyo, ndipo atangochoka anatsegula tsambalo pafoni yake. Pambali pa dzina la Lekisina panali kadontho kobiriwira kaja kosonyeza kuti munthu ali pa intaneti.

Anagwada pansi pa tebulo, natsegula chitini. Foni ili momwemo, yozizira, galasi lake lili ming'alu yokhayokha. Simukhadi ili m'kachikwama.

Pakhomo loyandikana ndi saluniyo panali Nankhoma, wokazinga mandasi, mayi amene nkhani ikalowa m'khutu mwake inkatulukira kukamwa isanazizire. Komabe anali wamtima, ndipo ndiye ankamubweretsera Ndaziona tiyi chiikireni maliro.

"Ndi akuba a pa intaneti amenewo, asisi," anatero Nankhoma. "Amaba masamba a anthu omwalira. Sinthani pasiwedi."

Ndaziona anasintha pasiwedi yake, naika yaitali yoti iye mwini ankachita kuiiwala. Anatulutsa tsambalo m'mafoni onse amene linalowetsedwamo. Kadontho kaja sikanazime. Ndipo wakuba wake ngotani amene amayankha makasitomala mwaulemu, kuwauza mtengo woona, osapempha kalikonse?

Tsiku lina kachisisira, Ndaziona akutseka mawindo, panaima bambo wina wa kabaza, wachikulire ndithu, atavula chipewa.

"Zikomo amayi. Mayi ndinawanyamula aja afika bwino?"

"Mayi ake ati?"

"Ovala duku lofiirira. Anandiimitsa pamphambano yopita kumudzi kwanu ija, nati ndiwatule pa Kunkhongo. Koma akhalidwe awo, amayi, ine chiyambireni kabaza sindinaone. Anakhala chofulatira, nkhope kuyang'ana kumene tikuchokera. Ndiye njinga kupepuka ngati ndilibe munthu. Ndafika apa kuti nditembenuke, palibe. Ndati mwina agwa panjira, ndabwerera mpaka pamphambano, osawapeza." Anagwira khushoni ya njinga yake, nabweza dzanja msanga. "Taigwireni. Ngati yagona pamame."

Ndaziona sanaigwire. Anawathokoza bambowo, nawauza kuti asadandaule, mayiwo afika. Bambowo anachoka akukankha njinga, osaikwera.

Ndaziona asanamalize n'komwe kukhoma loko, foni inanjenjemera m'thumba. Uthengawu sunapite kwa kasitomala. Unabwera kwa iye mwini, kuchokera pa dzina la Lekisina, ndipo unali wa mawu awiri okha.

"Mawa lafika?"

Apa ndipo Ndaziona analakwitsa kachiwiri, ndipo ine sindimuweruza, chifukwa ngakhale inu mukanachita zomwezo, mwinanso n'kutaya foniyo m'chimbudzi. Mantha atamugwira, chala chinathamangira pamene chinazolowera kuthamangira akavutitsidwa ndi amuna opanda ulemu. Anamubuloka. Mkulu wake weniweni, wobadwa naye bere limodzi, anamutsekera kunja ngati chidakwa. Kadontho kaja kanasowa, ndipo usiku umenewo anagona tulo kwa nthawi yoyamba.

Koma ndakuuzani kale kuti Lekisina akakuitana osayankha, sankaitananso kachiwiri.

Woyamba kuona anali Nankhoma. Analowa m'mawa mafuta ali m'manja, foni ataigwira ndi nsonga za zala.

"Asisi, mwayamba kujambula makutu tsopano?"

Ndaziona anayang'ana. Zithunzi zinali zomwe zija, zakale, zina za chaka chatha. Mpando womwewo, khoma lomwelo. Koma mitu yonse inali itapendeka pang'ono chakumanja, ngati anthu amene amva wina akuwaitana kumbuyo. Pamene kale pankaoneka tsitsi lokha, tsopano pankaoneka nsonga ya khutu.

Anafufuta zithunzi zonse, chimodzichimodzi, mpaka chala chinachita dzanzi. M'mawa mwake zinali zitabwerera, ndipo khutu linkaoneka lonse. Anazibisa kuti azizione yekha. Kutacha zinali poyera, aliyense akuziona. Anatseka malo a ndemanga, anachotsa kamapu kosonyeza pamene saluni ili, anachotsa nambala ya foni. Chilichonse chimene ankatseka madzulo, m'mawa ankachipeza chotsegula, ngati m'nyumba muli mwini wake amene akuyenda ndi makiyi. Ndipo tsiku lililonse mitu ija inkatembenukirabe. Pambuyo pa khutu panayamba kuoneka tsaya.

Nkhani inali m'kamwam'kamwa pamsika ponse. Ena ankaseka, amati ndi njira yatsopano yoitanira makasitomala. Koma amene zithunzi zawo zinali pamenepo sankaseka. Uthenga unkagwa ku inibokosi ngati matalala. "Chotsani chithunzi changa." "Munalonjeza inu." "Apongozi anga akandizindikira mudzandiona." Mpando unayamba kukhala tsiku lonse wopanda munthu.

Jenala sanalembe uthenga. Anabwera yekha, atafunda chitenje kumutu dzuwa likuswa mtengo, natseka chitseko kumbuyo kwake.

"Ndazi, ona."

Pachithunzi chake khutu long'ambika lija linali poyera. Pansi pake panali ndemanga ya mwamuna wina, wopanda chithunzi, wa dzina looneka kuti ndi lopeka. Anangolemba kuti, "Saluni imeneyi ili mbali iti ya Mponela?"

"Ndi iyeyo," anatero Jenala. "Khutu limeneli analing'amba yekha, angalephere kulidziwa? Pano akukayikabe, n'chifukwa chake akufunsa. Koma nkhope ikangooneka, akwera basi. Ndazi, ine ndatopa kuthawa. Ndili ndi benchi yanga pamsika, ndili ndi kanyumba kanga. Tseka tsambali, chonde."

Ndaziona analikonda tsambalo. Linali thukuta la zaka zambiri, ndiponso ndi chokhacho chimene mkulu wake anamusiyira. Koma sanazengereze. Pamaso pa Jenala pomwepo anapita pamalo otsekera tsamba, nadina. Foni inamuyankha mwaulemu kuti zimenezo angachite ndi mwini tsamba yekha.

Ndaziona anaika foni patebulo. Kenako anafunsa, "Jenala, ukuona ngati kwatsala masiku angati kuti diso lioneke?"

"Mwina mawa. Mwina mkuja."

"Pita kunyumba. Usalongedze kanthu."

Nankhoma, amene khutu lake linali pakhoma monga mwa masiku onse, analowa Jenala atangotuluka.

"Asisi, izi zafika poti tiitane abusa. Kapena pali bambo wina ku Kasiya amene amadziwa kutsirika."

"Kutsirika ndani? Achemwali anga?" Ndaziona anapukusa mutu. "Chibale ndi fupa, a Nankhoma, sichiola. Munthu uja si chiwanda. Ndi kasitomala amene ndinamusiya theka, ndiye wabwera kudzafunsa, ine n'kumutsekera chitseko. Inuyo mukanatani?"

"Ine ndikanathawira ku Mozambiki."

"Ine sindithawa. Saluni ino sinabwezepo munthu ndi mutu wosatha."

Mantha anali nawo, musaganize kuti analibe. Koma mkwiyo wodzikwiyira yekha unaposa manthawo, ndipo nkhope ya Jenala inali m'maso mwake. Anatenga foni, napita pamndandanda wa anthu obulokedwa, nachotsapo dzina la mkulu wake. Nthawi yomweyo kadontho kobiriwira kanayaka, ngati munthu amene anali chiimire pakhomo nthawi yonseyi.

Analemba monga ankalembera kasitomala wina aliyense. "Pepani achemwali pokuchedwetsani. Bwerani lero dzuwa likangolowa, kudzakhala kulibe anthu."

Pansi pa uthengawo panaoneka kachizindikiro kakuti wawerengedwa.

Madzulo amenewo Ndaziona anasesa, nakolopa. Anatembenuza galasi lalikulu la m'saluniyo kuti liyang'ane kukhoma. Anaika mpando pawindo, kachipeso pambali, ndi botolo la mafuta a kokonati amene Lekisina ankawakonda. Nankhoma anati akhala nawo m'katimo.

"Ayi, khalani pakhonde," anatero Ndaziona. "Kasitomala wa Kunkhongo saonedwa nkhope."

Nankhoma anakhala pakhonde, atafunda chitenje mpaka kumaso, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imene mawu ake ankangowasokoneza. Ndaziona sanayatse getsi. Anasiya chitseko chotsegula, naima kuyang'ana kukhoma, msana kukhomo, nadikira.

Phokoso la pamsika linayamba kuchepa. Kutali wina ankatseka chitseko cha golosale. Kenako agalu a kuseri kwa chigayo, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, anangoti zii. Nyimbo ya Nankhoma inadukira pakati. Nsalu ya pakhomo inapepesuka, koma kunalibe mphepo. M'chipindamo munalowa fungo la dothi lofukulidwa kumene, ndi kuzizira kumene kunamuyamba Ndaziona kumapazi.

Mpando unalira kuti kwee, monga unkalirira munthu wathupi akakhalapo.

"Ndikutembenuka, achemwali," anatero. "Inu muyang'ane pawindo. Lamulo munaika nokha."

Anatembenuka maso ali pansi, nawakweza pang'onopang'ono mpaka pamene wojambula nkhongo amalekezera. Kuwala kotsalira kwa pawindo kunali kochepa, ndipo sanafune kuona zoposa zimene ntchito inkafuna. Duku linali lomwe lija. Mfundo yake anaizindikira, poti anamanga yekha. Inali yonyowa, ndipo inavuta kumasula. Litachoka, timiyala ndi dothi lofiira zinagwera pasimenti kuti waa.

Mizere yake inali momwe anaisiyira, kuyambira kukhutu lakumanzere mpaka pakati. Anathira mafuta m'manja, natenga kachipeso, nagawa mzere woyamba wa mbali yotsalayo. Tsitsilo linali lozizira ngati udzu wa m'dambo m'mawa wa mwezi wa Juni. Zala zinafuna kuuma, koma iye anazikakamiza, ndipo zitagwira njira zinayamba kuyenda zokha.

Woluka tsitsi saluka ali duu, ndiye Ndaziona anayamba kucheza. Anawauza achemwali ake kuti mkwatibwi wa tsiku lija ukwati wake wayamba kale kugwedezeka. Anawauza kuti mwininyumba wakonza denga lodontha la saluniyo pomaliza, kuti Nankhoma wakweza mtengo wa mandasi koma wawachepetsa msinkhu. Yankho panalibe. Koma pa nkhani ya mandasi ija mapewa anagwedezeka pang'ono.

Atatsala ndi mizere yochepa, anamva khosi likuyamba kupotoloka m'manja mwake. Pang'onopang'ono, chakumanja, monga mitu ya pazithunzi ija. Anaona nsonga ya khutu. Akanakuwa, akanathawa, ndipo nkhani ino ikanatha mwina. Koma Ndaziona anachita chimene ankachita ndi kasitomala aliyense wosakhazikika. Anagwira mutuwo ndi manja awiri, naubweza mwamphamvu.

"Khalani bwino, achemwali, mundikhotetsa mzere!"

Mutuwo unamvera.

Pomaliza mzere wotsiriza n'kuti mdima utagwira, akungoluka ndi zala zokha. Anamanga nsonga, nasisita mutu wonse kuchokera kutsogolo mpaka kunkhongo. Panalibe pokhota. Pa mitu yonse imene analukapo, uwu unaposa.

"Mawa lafika," anatero. "Ndamaliza."

Anatenga foni, nabwerera m'mbuyo pang'ono monga mwa mwambo wa saluniyo, najambula. Kuwala kwa foni kunang'anima kamodzi, iye atatsinzina.

"Tsopano ndikumasuleni."

Khosi lija linauma gwa. Kuzizira kunakula m'chipindamo mpaka mpweya unkamupweteka m'mphuno. Lekisina ankakonda kutchena ali moyo, ndipo zinaoneka kuti khalidwe limenelo silinatsale kumanda.

"Musandiumire khosi," anatero Ndaziona, misozi itayamba kutsika. "Ndinalonjeza kumaliza, ndamaliza, ndipo chithunzi chilipo. Koma kumene muliko sapita ndi mfundo. Amayi aja anandiuza, ine n'kuwanamiza, chifukwa sindinkafuna kuti mupite. Ndimakusowani, achemwali, tsiku lililonse ndimakusowani. Koma taonani zimene zikuchitika. Jenala akufuna kuthawanso. Amayi amene anatikhulupirira akugona ndi mantha. Munkati nkhope ndi ya mwini wake. Abwezereni nkhope zawo, inu muzipita mukapume. Saluni ndiisamala ine, ndipo sindidzanenanso kuti mawa."

Kunja kunali chete, moti ankamva Nankhoma akupuma. Kenako khosi lija linafewa, mutu n'kuweramira kutsogolo pang'ono, monga amachitira munthu wofuna kumasulidwa.

Anayambira kumzere umene anamalizira, kubwerera m'mbuyo. Kumasula ntchito yako yabwino kumawawa, koma sanaime. Mzere uliwonse ukamasuka, mutuwo unkapepuka m'manja mwake. Atafika pa mizere yakale ija, ya tsiku la operekeza mkwatibwi, tsitsi linali ngati utsi pakati pa zala. Anamasula mfundo yotsiriza pafupi ndi khutu lakumanzere, napesa kamodzi, kawiri. Kachitatu kachipeso kanangodutsa mumphepo.

Agalu a kuchigayo anayambanso kuuwa. Ndaziona anakhala pansi pasimenti, nalira maliro amene sanalire kumudzi, mokweza, mpaka Nankhoma anaiwala mantha n'kulowa kudzamugwira.

Foni inanjenjemera patebulo. Unali uthenga wochokera ku tsamba lenilenilo, wonena kuti Lekisina wamupatsa umwini wa Kunkhongo ndipo watulukamo. Pambali pa dzina lake panalibenso kadontho. Ndaziona anayang'ana malo opanda kanthuwo nthawi yaitali. Anali atalimbana nako kadonthoko masiku onsewa, koma katazima mtima unamupweteka kuposa pamene kankayaka.

Sanadikire kuti kuche. Pomwepo, misozi ili m'masaya, anatsegula zithunzi. Mitu yonse inali itabwerera, nkhongo zokhazokha. Anafufuta chithunzi cha Jenala, nabuloka mwamuna wa dzina lopeka uja, nachotsa kamapu, nakonza kuti wofuna kudziwa malo azifunsa ku inibokosi. M'mawa zonse zinali momwe anazisiyira. Jenala benchi yake ilipobe pamsika mpaka lero, ndipo makasitomala aja anabwerera mmodzimmodzi.

Duku lija linatsala pampando. Kutangocha Ndaziona anasesa dothi lofiira lija, nalikulunga m'dukumo, nakwera kabaza wa kumudzi. Anakapereka kwa wamkulu wa amayi osambitsa maliro uja. Mayiyo anafunyulula, nayang'ana dukulo, nayang'ana Ndaziona. Sanafunse kuti lachoka kuti.

"Wamasula tsopano?"

"Ndamasula, amayi."

Mukapita pa Mponela, Kunkhongo ilipo. Koma mudye kaye musanakhale pampando, chifukwa ngakhale magetsi azime, ngakhale mwana wanu alire kunyumba, Ndaziona sakulolani kudzuka mutu uli theka. Chithunzi cha madzulo aja anachiika patsambalo ndithu, poti mutu uliwonse womalizidwa umaikidwa, koma anachitchinga kuti azichiona iye yekha. Nankhoma wayesa kumunyengerera ndi mandasi aulere, walephera. Tsiku lina anachita kumugwira mkono.

"Asisi, ingondiuzani. Chikuoneka chiyani pachithunzipo? Si nkhongo basi ngati zinazo?"

Ndaziona anayang'ana foni yake kanthawi, namwetulira, naiika m'thumba.

"Nkhope ndi ya mwini wake, a Nankhoma."

Moto wathu ndi uwo wasanduka makala. Vundukulani mafoni anu tsopano. Koma mukadzaona kadontho kobiriwira pa dzina la munthu amene munamuperekeza nokha kumanda, chala chisathamangire kubuloka. Muyambe mwakumbuka chimene munamuuza kuti mudzachita mawa.